Tinakonza Kapena Tinabisa?

Lero ndalemba zazitali ndithu, mundikhululukire. Amene bandulo yatsala pang'ono kutha, sungani kaye mudzawerenge madzulo mukatha Isha.

Kuseri kwa nyumba ya amalume anga ku Mangochi kuli mtengo wa mango, ndipo pansi pa mtengowo panagona Toyota Hilux kwa zaka zitatu. Nkhuku zinasandutsa bodi yake poikira mazira, ana ankasewera udalaivala pa chiwongolero, matayala awiri anaphwa mpaka kung'ambika m'mbali. Ndi Hilux ija ya m'zaka za m'ma 1990 imene amakaniko amaitchula kuti LN106: injini ya dizilo ya 3L, malita 2.8, masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo pakati pa mawilo akutsogolo pali tizitsulo totembenuza ndi dzanja kuchoka pa FREE kupita pa LOCK ukafuna kuti mawilo onse anayi akoke. Tili ang'ono, ine ndi msuweni wanga tinkakanganirana kutsika m'matope kukatembenuza tizitsulo timeneti. Galimoto imeneyi inanyamulapo mpunga, njerwa, akwati, odwala, ndi jeneza kangapo konse. Ndanena izi kuti mudziwe kuti kwa ife si chitsulo wamba.

Holide yathayi amalume anandiitana pakhonde n'kunena kuti, "Mphwanga, fizi yako ya semesita ikubwerayi ili pansi pa mango apo." Sindinamve msanga. Ankatanthauza kuti tiidzutse, tiigulitse. Anali ndi kangachepe kochokera ku mpunga, anati tigulire masipeya. Ntchito ya manja ikhale yathu, ine ndi msuweni wanga amene anaphunzirako umakaniko pa galaja ina m'tauni ngakhale sanamalize. Aliyense amene wagulapo sipeya chigwereni kwacha mu Novembala 2023, pomwe inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, akudziwa kuti kangachepe sikafika patali. Ndiye kuyambira tsiku loyamba funso linali lakuti ndalamayi ipite pati, ndipo pati tipasiye.

Tinayamba ndi injini. Tinatsuka thanki, tinasintha sefa ya dizilo, tinapopa kuchotsa mpweya m'mapaipi, tinabwereka batire kwa aneba. Inalira pa ulendo wachitatu, utsi tolotolo, nkhuku kubalalika, azakhali mpaka kululuta. Koma titasuzumira mu rediyeta injini isanatenthe n'komwe, madzi ankachita thovu ngati thobwa losasa. Msuweni wanga anangoti, "Hedi." Ma 3L amadziwika nazo zimenezi: injini ikatenthedwa kwambiri, hedi imachita mng'alu, mpweya wa mu silinda umalowa m'madzi, madzi amangochepa osaona podontha. Ndi chimene chinaiimitsa poyamba paja.

Tsiku lomwelo alangizi anafika, paja mukudziwa kuti boneti ikatsegulidwa pamudzi amuna onse amasanduka amakaniko. Wina anati thirani mankhwala a m'botolo otseka ming'alu. Wina anati dzira laliwisi mu rediyeta. Wina anati oyilo wolemera kwambiri amatseka pakamwa injini yogogoda, ndi utsi womwe umachepa. Zoterezi nthawi zina zimagwira ndithu, kwa masiku owerengeka, okwanira kuti wogula ayese galimoto, alipire, akafike kwawo. Apa sipanavute. Amalume anangoti "ayi" mmodzi. Tinatumiza ndalama kwa mnzathu ku Blantyre, anatipezera hedi yakale koma yabwino ku Ndirande, anakaiyezetsa, tinaika ndi gasiketi yatsopano. Sipanala yoyezera kulimba kwa mabawuti tinachita kubwereka kwa tsiku limodzi, tikumanga pang'onopang'ono kuyambira pakati kupita m'mbali kuti hedi isapindike. Tinasinthanso timing belt, poti palibe ankakumbukira kuti inasinthidwa liti. Lamba ameneyu amafuna kusintha pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavalavu, zonse tagulazo n'kupita.

Kutsogolo kunali nyansi. Kuseri kwa mawilo, pa zibulunga zija zomwe wilo limakhoterapo, panali phala lakuda la girisi wosakanikirana ndi oyilo wa mu difu, kusonyeza kuti ma seal anatha kalekale. Titaikweza n'kuikhazika pa zipika, poti jeke yokha si yogonera pansi, tinagwedeza wilo pamwamba ndi pansi, linkachita gwedegwede: mabering'i a kingpin. Amenewa akatha ndi amene amachititsa chiwongolero kunjenjemera ngati chagwidwa malungo ukagunda dzenje pa liwiro. Tinatha masiku anayi tili pamphasa, manja akuda mpaka m'zigongono, nthawi ya Swala iliyonse kuyamba kaye tatsuka ndi sopo wa ufa ndi mchenga kuti madzi a wudhu afike pakhungu. Mabuleki akumbuyo, silinda imodzi inkadontha, ndipo mafuta ake anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pakapita zaka, ndiye ukamatsika mapiri ngati a ku Chowe pa msewu wa ku Namwera akhoza kuwira, pedulo n'kungolowa pansi osagwira kanthu. Tinakhetsa onse.

Mkangano woyamba unabuka pa ndalama yotsala. Msuweni wanga ankafuna penti yatsopano yoyera, matayala akuluakulu a mano, kuikweza ndi mainchesi awiri, ndi nyali yaitali ija ya LED pamwamba. Mfundo yake inali yomveka: "Amwene, wogula sagula kingpin. Unamuonapo munthu ataimika galimoto pa msika n'kumanyadira mabering'i? Anthu amagula ndi maso." Sankanama. Tinali titathira ndalama yambiri m'malo amene palibe adzawaone. Ine sindiona tchimo pa kukongoletsa chinthu chako. Ngakhale wogulitsa tomato amapukuta n'kuunjika bwino. Koma titakhala pansi n'kuwerengera, tinapeza kuti kukweza galimoto kumabwera ndi ngongole zake zosaoneka. Tayala likakula ndi magawo 5 pa 100, sipidomita imayamba kunama: imaonetsa 80 iwe ukuthamanga 84, ndipo mabuleki amavutika kwambiri kuimitsa wilo lalikululo. Galimoto yokwezedwa imapendekeka msanga pa kona. Ndiye kumbuyo kwa Hilux zimenezi kuli kavalavu kolumikizidwa ku axle ndi kandodo kachitsulo, kamene kamayeza kuti bodi yatsika bwanji ndi katundu n'kuwonjezera mphamvu ku mabuleki akumbuyo. Ukakweza masipuling'i osakasintha, kamaganiza kuti galimoto ili yopepuka ngakhale mwadzaza matumba, n'kumamana mabuleki akumbuyo mphamvu. Galimoto imaoneka yaukali pamene yafooka pa chinthu chosunga moyo. Tinagwirizana: penti inde, nyali inde koma yotchipa, matayala a saizi yake, kukweza ayi. Ndisakunamizeni, usiku umenewo ndinagona ndikudzitama mumtima kuti ndine munthu wachilungamo.

Kenako tinapeza mng'alu.

Tinkapala matope ouma ndi dzimbiri pa chassis ndi bulashi yawaya, kumbuyo chakumanzere, pafupi ndi pomwe sipuling'i imagwirira. Msuweni wanga anasiya kupala, anakhala chete, n'kundikodola ndi chala. Mzere wopyapyala ngati tsitsi, wotalika ngati chala changa chapakati, ukutsika kuchokera pamwamba pa chitsulo. Pozungulira pake chitsulo chinali chitadyeka, ukagogoda ndi hamala chinkalira mosiyana ndi kwina. Zaka za matumba a mpunga ndi njerwa, kuphatikiza zaka zitatu za chinyezi pansi pa mango. Kwa amene za galimoto simuzitsata: chassis ndiye msana. Injini ikafa, galimoto imaima, anthu amatsika n'kumadandaula. Chassis ikathyoka pomwe pagwira sipuling'i, axle imasuntha, galimoto imalowera komwe yafuna, ndipo zimenezi zimachitika italemedwa, ikuthamanga.

Tinaitana wowotcherera wodziwa ntchito yake, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anaboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, anakumba mzerewo ndi grinder, anawotcherera, kenako anadula chigamba cha chitsulo chokhuthala, chosongoka mbali ziwiri ngati nsomba, n'kuchiphatika pamwamba kuti kulemera kusadzaunjikane pa mzere umodzi. Ntchito yaukhondo, Masha Allah. Ndinawafunsa ngati palimba ngati kale. Anapukuta manja n'kuti, "Katundu wa pakhomo inyamula zaka zambiri. Koma chitsulo chozungulirachi chatopa, ine sindingachibwezere unyamata. Musaidzaze." Basi, analandira yawo n'kumapita.

Ndiye panatsala chitini cha penti yakuda yokhuthala ija ya kunsi kwa galimoto. Apa ndi pomwe mutu wanga unaima, ndipo ndi chifukwa chake ndikulemba. Pamalo powotcherera pamayenera kupakidwa penti. Ukapasiya, dzimbiri limayambira pomwepo mvula yoyamba. Makaniko aliyense wosamala angapake, kupakako ndi gawo la kukonza. Koma penti yomweyo ikauma, fumbi la msewu likakhalapo tsiku limodzi, chigamba chija sichionekanso pokhapokha munthu atagona chagada ndi tochi, akudziwa kale pofunafuna. Dzanja limodzi, bulashi imodzi, kupaka kumodzi: ndikuteteza chitsulo, ndipo ndikuphimba chilema. Dzira la mu rediyeta linali losavuta kulikana chifukwa ntchito yake ndi imodzi, kunamiza. Nanga ichi, chimene chili chofunika ndi chobisa nthawi imodzi, tichitche dzina liti?

Ndili ku madrasa tinaphunzira mutu wa malonda mu fiqh, ndipo kunena zoona unkanditopetsa. Ndinkaona ngati ndi nkhani za ngamila zimene sindidzaziona m'moyo wanga. Kunsi kwa Hilux ndi komwe unandibwerera. Muli nkhani ya musarrah, imene ili mu Bukhari ndi Muslim kudzera mwa Abu Huraira (RA): munthu amasiya kukama nkhosa kapena ngamila kwa masiku, kuti pa tsiku la msika bere lioneke lodzaza. Mtumiki (SAW) analetsa zimenezi, ndipo anapereka ufulu kwa wogula kuti akakama n'kuzindikira, akhoza kusunga chiwetocho kapena kuchibweza pamodzi ndi muyeso wa tende m'malo mwa mkaka wakamawo. Chimene chinandigwira n'chakuti wogulitsa uja sananene bodza ndi pakamwa. Mkakawo ndi weniweni, nkhosayo ndi yeniyeni. Iye wangoyala zinthu mwakuti maso a mnzake adzinamize okha. Palinso nkhani ina mu Muslim, ya mulu wa chakudya pa msika umene pamwamba unali wouma, pansi wonyowa ndi mvula. Mtumiki (SAW) atapisa dzanja n'kupeza chinyezi, chimene anamufunsa mwini wake n'chifukwa chimene sanaikire chonyowacho pamwamba kuti anthu achione. Sanamuletse kugulitsa. Kugulitsa chinthu cha chilema si haramu. Nkhuyu zambiri zili ndi nyerere, ndipo agogo athu sanadandaule ndi nyererezo, anadandaula ndi chikomekomecho.

Nditamuuza msuweni wanga, anandiseka. "Ashehe, ife sitinamange bere la nkhosa. Ife tachiritsa nkhosa. Munthu akathyoka mwendo n'kuchira, azilengeza pa msika?" Kenako anabweretsa mfundo imene ndaimva kwa ogulitsa ambiri: galimoto ya zaka 30 aliyense amadziwa kuti ili ndi zipsera, timuuze wogula kuti "onani nokha, mukutenga mmene ilili," ife tatha. Mfundo iyi si yachibwana, ndipo ma ulama anaikambirana kalekale. Koma mu madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife tinakuliramo, mawu oti "mmene ilili" samuchotsera wogulitsa udindo pa chilema chimene akuchidziwa n'kuchisunga mumtima. Ndipo ngakhale usanatsegule buku, taganizani. "Onani nokha" amamveka pamene tonse awiri tili mumdima mofanana. Ine ndagona pansi pa galimotoyi mwezi wathunthu, ndikudziwa bawuti iliyonse. Iye ali ndi theka la ola ndi tochi ya pa foni. Kumuuza kuti aone yekha, ine nditapaka kale penti pomwe amayenera kuona, ndi chipongwe chovala ulemu.

Za nkhosa yochirayo, ndinamukumbutsa kuti wowotcherera sananene kuti yachira. Anati musaidzaze. Mawu amenewo tsopano ndi chipangizo cha galimotoyi, ngati jeke kapena tayala lapadera. Wogula akapanda kupatsidwa, ndiye kuti tamugulitsa galimoto yoperewera.

Ndinayesanso kuthawira ku niya. Ndinati mumtima: ine ndipaka ndi cholinga choteteza chitsulo, Allah akudziwa. Koma ndinadzigwira ndekha. Bwanji pamenepa ndikufuna kupaka kawiri, mokhuthala, pomwe kwina ndapaka kamodzi? Bwanji mtima ukupepuka ndikaganiza kuti sipadzaoneka? Niya ndi yoterera, abale anga. Munthu ukhoza kukhala nazo ziwiri nthawi imodzi, yabwinoyo n'kuiika pamwamba ngati chakudya chouma chija. Ndipo ngakhale niya yanga ikanayera ngati mkanjo wa pa Eid, wogula akanapitabe kwawo osadziwa. Kuyera kwa mtima wanga sikumuuza kanthu iyeyo.

Mwamwayi msuweni wanga, wokonda kuponya chilichonse pa status, anali atajambula mng'aluwo usanawotcheredwe. Tinajambulanso chigamba, ananditumizira zonse, tinapaka penti yathu bwinobwino, n'kugwirizana kuti wogula aliyense adzaonetsedwa zithunzizo. Anavomera monyinyirika. Ine ndinati nkhani yatha.

Wogula anabwera Loweruka, bambo wa cha ku Makanjira, wansangala, ndalama zili m'manja. Anaizungulira kawiri, anamenya matayala ndi phazi, anailiza, anaikonda nyali ija, msuweni wanga n'kundiponyera diso. Mtengo umene anatchula unkakwana fizi yanga n'kutsalako ya feteleza. Amalume anandikodola kuti ndiwaonetse foni. Ndinawaonetsa zonse, ndinabwereza ndi mawu a wowotcherera osachotsapo. Anayang'ana pang'ono n'kuseka. "Aaa, izi ndiye zochepa, mwana wanga. Zathu kumene kuja zinawotcheredwa paliponse. Chotsaniko pang'ono basi, ndatenga." Amalume anafunsa kuti akaigwiritsa ntchito yanji. "Matola. Mangochi, Makanjira, tsiku ndi tsiku. Ndiika zitsulo m'mbali, ndiwonjezera masipuling'i, izinyamula anthu ndi matumba a nsomba."

Amene munayendapo msewu umenewo, kuwoloka mlatho wa pa Shire, kudutsa Malindi ndi Lungwena kumapita, mukudziwa mmene pikapu ya matola imadzazira ndi mmene msewuwo umakhalira m'dzinja. Kuwonjezera masipuling'i sikulimbitsa chassis. Kumangochititsa kuti galimoto isaoneke kuti yalemedwa, ndipo dzenje lililonse limafika mwamphamvu pomwe pali chigamba pathu paja.

Mwa malamulo a malonda, ife tinali oyera. Chilema tanena, zithunzi aona, avomera okha, mboni zilipo. Palibe kadhi angatipeze ndi mlandu wa chinyengo. Koma pamenepo ndinaona kuti kuvomera kwa bambo aja kunali ndi malire ake. Akhoza kuvomera kutaya ndalama, ndi zawo. Mwinanso akhoza kuvomera kuika moyo wawo pachiswe, ngakhale apo pokha pali zokamba. Koma mayi amene adzakwere pa Lungwena, mwana kumbuyo, dengu pamiyendo, sanaone zithunzi za pa foni yanga. Sanali pansi pa mango pomwe tinkatsatsana mtengo. Iye adzaona penti yoyera yatsopano ndi nyali ya LED, zimene tinaika ife, adzati iyi ndiye yabwinoko kusiyana ndi zinazi, n'kukwera. Bere lodzaza lija lidakalipo, wangosintha ndi wonamizidwa. Timaganiza kuti malonda ndi a anthu awiri chifukwa ndi awiri amene amagwirana chanza, koma galimoto ili ndi anthu ake ena amene sabwera pa tsiku logula.

Musaganize kuti ndinalibe choyankha kwa ine mwini. Fizi imaphunzitsa munthu kuganiza mwachangu. Tikawakaniza, akagula ina yoipa kuposa yathu, yopanda ngakhale mabuleki tinakonza aja, ndiye mayi uja tamuthandiza chiyani? Anthu a kumeneko akufunika mayendedwe. Pikapu imodzi yowonjezera ikhoza kukhala mayi woyembekezera wofika kuchipatala nthawi ikadalipo. Pali a boma opereka COF, pali apolisi a pamsewu, ntchito yoletsa kudzaza ndi yawo. Ndipo kodi wogulitsa mpeni aziyankha za aliyense wodzachekedwa nawo? Mfundo zimenezi sindinazigonjetse zonse, ndipo yoyambayo imandivutabe mpaka lero. Ya COF ndinaitaya msanga, poti woyeza naye adzaona penti yomwe ija tinapaka ife. Ya mpeni ndinaona kuti wogulitsa mpeni sauzidwa, pamene ife tinauzidwa. Wowotcherera anati musaidzaze, wogula anati ndiidzaza, onse awiri pamaso pathu, pabwalo lomwelo. Galimoto ina imene akanakagula sindinagonepo kunsi kwake. Iyi ndikudziwa malo enieni, kumbuyo chakumanzere, chifukwa ndinapala ndi dzanja langa.

Amalume sanachite nawo zowerengera zonsezi. Anakhala chete nthawi yaitali akusisita ndevu, kenako anati, "Achimwene, pepani mwavutika ulendo. Ya matola ayi. Mukadzamva wina wofuna ya kumunda kapena ya pakhomo, mutitumizire." Bambo aja anawonjezera mtengo. Amalume anaitanitsa tiyi. Anawonjezeranso kachiwiri, ndipo apa ndivomere kuti ndinawayang'ana amalume ndi maso opempha, ine yemwe uja wa musarrah ndi Imam Shafi'i. Sanandiyang'ane n'komwe. Alendo anamwa tiyi, anatsanzika mwaulemu ndithu, ngakhale pokwera njinga yamoto ndinawamva akuuza mnyamata wawo kuti anthu ena ndalama amaiopa.

Msuweni wanga sanandilankhule masiku awiri. Ankati ndine ndinayambitsa za zithunzi. Pakanapanda zithunzi, funso la "mukaigwiritsa ntchito yanji" silikanabwera. Mwina akunena zoona. Atayambanso kulankhula, anandifunsa chinthu chimene chinanditseka pakamwa: nanga wa kumundayo akadzaigulitsa kwa wa matola chaka chamawa, zithunzi zathu zidzapita nawo? Mawu a wowotcherera adzafika kwa mwini wachitatu? Anati ngati tili achilungamo choncho, tiiphwasule tigulitse masipeya, kapena tisake chassis ina, zimene ndalama yake tilibe. Sindinamuyankhe, ndipo iye sanadikire yankho.

Mmawa wake ndinamupeza ali kunsi kwa galimoto yekha. Anali atapala penti yakuda pa chigamba chonse, akupaka red oxide, ija yofiira timapaka pa zitseko zachitsulo. Imateteza ku dzimbiri chimodzimodzi, koma pakati pa chassis yakuda, chigambacho chinkaoneka ngati bala pa mwendo, munthu wongowerama pang'ono akhoza kuchiona. Ndinamufunsa kuti zatani. Anati, osatulutsa mutu, "Chimene chimapita ndi galimoto ndi penti, si foni yako. Ndipatse thinner uyo." Ndinamukumbutsa kuti mayi wa pa Lungwena sawerama kuyang'ana kunsi asanakwere, ndipo mwini wina akhoza kudzapakanso yakuda. Anati akudziwa, ndimupatse thinner.

Ndikulemba izi ndili ku hositelo. Ndinalembetsa ndi theka la fizi, lochokera ku mbuzi zitatu za azakhali, lotsalalo likufunika mayeso asanayambe. Hilux ili pansi pa mango pomwe paja, yoyera mbee, imalira ukangotembenuza kiyi. Amalume amapita nayo ku Jumu'ah Lachisanu lililonse kuti isagonenso, atanyamula akuluakulu awiri atatu a m'mudzi amene miyendo inayamba kuwavuta. Dzulo msuweni wanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti kwapezeka aphunzitsi ena opuma ntchito, ali ndi munda wa mpunga, akufuna kudzaiona Loweruka, koma mtengo akutchulawo ndi wotsika kwambiri, sufika n'komwe pomwe anayambira a ku Makanjira aja. Wati ndimutumizirenso zithunzi zija msanga, zake zinafufutika pomwe ankakonzetsa foni.